Lipoti la wodwala: wa kabaza amene mwendo wake unatibisira chifuwa

Ndine kiliniko ofisa pa chipatala china cha boma, ndipo lipotili ndalembera makamaka anzanga amene mumagona pa kolo (kudikira odwala a usiku) kumalo kopanda CT scan, kumene magazi a mu furiji ya ku labu mumachita kuwerenga ndi zala za dzanja limodzi. Wodwalayu anachira, ngakhale kuti pali zinthu zitatu zimene sitinachite bwino, ndipo chachikulu mwa izo chinali changa. Dzina lake, kwawo ndi tsiku lenileni ndasiya dala.

Mmene anafikira

Anali bambo wa zaka za m'ma 30, wochepa thupi, wolemera mwina makilogalamu 60, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza. Mnzake amene ankabwera pambuyo pake anati lole inamugunda cha kumanzere pamene ankalowa mu msewu waukulu, cha m'ma 5:40 madzulo. Anagwera m'ngalande, njinga n'kumupsinja mwendo wa kumanja. Helemeti anavala, ndipo inang'aluka mbali imodzi. Anthu anamunyamula pa pikapu ya munthu wina wachifundo, atamugoneka pamwamba pa matumba a chimanga, ndipo anafika ku casualty pa 7:05. Ola limodzi ndi mphindi 25 zinali zitadutsa kale. Unali mwezi wa June, mwera ukuwomba, iye ali pamtunda pa galimoto ndi malaya onyowa ndi madzi a m'ngalande.

Analowa naye anzake a kabaza oposa khumi, ndipo aliyense chala chinali pa mwendo. Sindikuwanena. Fupa la msongolo linali litaboola khungu, loyera mbuu pakati pa matope ndi udzu, buluku lonse lili magazi okhaokha. Wina anamanga lekeni pansi pa bondo pofuna kuletsa magaziwo. Lekeniyo inathina mokwanira kutseka mitsempha yobweza magazi, koma osati yobweretsa, choncho magazi ankalowa m'mwendo n'kusowa kobwerera, n'kumatuluka pa bala kuposa mmene akanatulukira chikhala sanamange.

Tinalipo atatu: ine, anamwino mmodzi wodziwa ntchito amene watha zaka zambiri ku casualty, ndi wophunzira wa unamwino. Wa ku labu, wa X-ray ndi wogonetsa anthu ku fiyeta onse anali kunyumba, oyenera kuitanidwa pa foni.

Kuyeza koyamba

Ndinaika gozi pa bala, wophunzira uja n'kupsinja ndi manja awiri, ndipo ndinadula lekeni. Magazi anali akuda, oyenda pang'onopang'ono, osati otumphuka, ndipo titakulunga ndi bandeji yothina analeka. Zimenezi zinatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo pamenepa m'pamene ntchito ya pa mwendo inayenera kuthera kaye.

"Bambo, dzina lanu ndani? Muli kuti pano?" Dzina anatchula bwinobwino, koma anati ali pa siteji akudikira kasitomala. Mawu ankatuluka oyera, opanda phokoso la kukhosi, m'kamwa mulibe magazi kapena mano othyoka, ndiye njira ya mpweya inali yotseguka. Kolala ya khosi tinalibe. Tinaika mabotolo awiri a dripu uku ndi uku kwa mutu, n'kumata pulasitala kuchokera pa mphumi kukafika m'mbali mwa trolley. Mmodzi mwa anthu amene anali pakhomo anati, "Ameneyu waledzera basi." Ndinanunkhiza: linali fungo la petulo. Ndikutchula izi chifukwa mawu akuti waledzera apha anthu ambiri m'zipinda zathu. Munthu wovulala akamabwebweta kapena kulimbana nanu, yambani mwaganiza kuti ubongo wake ukusowa okosijeni kapena magazi. Mowa ubwere kumapeto kwa mndandanda, ngakhale utanunkhadi.

Ankapuma ka 30 pa mphindi, okosijeni wa m'magazi ali pa 89%. Tinadula malaya. Kumanzere kwa chifuwa, cha pansi, kunali zilonda zokhulika, ndipo nditagwira nthiti za pamenepo analira, ndinamvanso mafupa akukhulana pansi pa zala. Ndinamvetsera ndi stethoscope pakati pa phokoso la anthu aja, ndipo mpweya unkamveka wochepa kumanzere poyerekeza ndi kumanja. Kholingo linali pakati. Konsentireta yathu, makina opereka okosijeni, imapereka malita 5 okha pa mphindi, ndiye anamwino anakoka silinda n'kumuveka masiki ya thumba pa malita 15. Okosijeni anakwera kufika 93%. Ndinalemba pa fayilo kuti nthiti zathyoka kumanzere, mwina pali mpweya kapena magazi m'chifuwa, ajambulidwe X-ray. Kulemba kumeneku kunandipatsa mtendere umene sindinayenere kukhala nawo.

Mtima unkagunda ka 128, BP ili 96/60, manja ozizira, ndipo ndikapsinja chikhadabo mtundu unkabwerera patatha masekondi anayi. Ena akaona 96 amati sizinafike poipa. Mwamuna wa msinkhu umenewu thupi lake limalimbikira, mitsempha imafinyika, BP n'kuimabe mpaka atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake. Munthu wa makilogalamu 60 ali ndi magazi okwana malita anayi ndi pang'ono, ndiye BP ikayamba kugwa ndiye kuti lita imodzi ndi kanthu yapita kale. Njira yachangu imene ndimagwiritsa ntchito ndi kugawa kugunda kwa mtima ndi nambala yapamwamba ya BP. Yankho likaposa 1, wodwala ali mu shock, kutanthauza kuti magazi sakufika mokwanira m'ziwalo, kaya nkhope yake ikuoneka bwanji. Iye anali pa 1.3. Tinaika makanula awiri otuwa a 16G m'mikono yonse, kutenga magazi oyezera Hb (kukhuthala kwa magazi) ndi oyezera gulu, n'kutsegula dripu ya madzi a mchere, normal saline, mbali zonse ziwiri. Mimba inali yofewa koma yopweteka kumanzere pansi pa nthiti. Mafupa a m'chiuno ndinawagwira kamodzi kokha, mofatsa, ndipo anadandaula. Sindinawagwedezenso. Tinapempha chitenje kwa mayi wina amene ankadikirira m'bale wake pa benchi, tinachipinda, n'kuchimanga mothina pa mlingo wa mafupa otumphuka a m'mbali mwa ntchafu, osati m'chiuno momwe amamangira azimayi, n'kumanganso mapazi pamodzi.

Pa Glasgow Coma Scale, muyeso wa mmene munthu akuzindikirira zinthu, anapeza 14 mwa 15: maso otsegula okha, akumvera zimene wauzidwa, koma wosokonezeka polankhula. Timwana ta maso tinali tofanana, tikuyankha kuwala. Manja ndi zala za phazi la kumanzere ankagwedeza. Shuga anali 6.8. Tinamutembenuza anthu anayi ngati chipika, mmodzi atagwira mutu, ndipo kumsana kunalibe bala kapena fupa lotsetsereka. Tinamuvula zonse, n'kumufunditsa nsalu imodzi yopyapyala ya pa trolley.

Mphindi khumi zimene ndinataya

Nditamaliza zimenezi ndinabwerera ku mwendo. Ndinafuna kumva ngati magazi akufika ku phazi, ndinakoka mwendo kuti uwongoke, ndinayamba kuchotsa udzu pa bala, ndinatuma wophunzira kukatenga chikhakha. Zonsezi ndi ntchito zoyenera, koma osati pa nthawi imeneyo. Ndinali nditafulatira chifuwa chimene ine mwini ndinamva kuti sichikupuma bwino, ndikudikira munthu wa X-ray amene anali asanadzuke n'komwe pa mpando kwawo.

Anamwino ndi amene anandiitana. "A dokotala, tabwerani kuno kumutu." Inali 7:25. Wodwala anali atachotsa masiki, akufuna kudzuka, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ankapuma ka 40, okosijeni 79%, mtima 146, ndipo makina a BP analephera kuwerenga kawiri asanaonetse 68/40.

Lamulo limene timaphunzitsidwa pa maphunziro a Primary Trauma Care ndi losavuta: wodwala akasintha, bwererani pa A, chiyambi cha ndondomeko ya ABCDE yoyezera wovulala (A njira ya mpweya, B kapumidwe, C kayendedwe ka magazi, D ubongo, E kuona thupi lonse). Njira ya mpweya inali yotsegukabe, ankatha kunena kuti "ndikubanika". Pa B m'pamene panali nkhani. Mbali ya kumanzere inali yotukuka, yosayenda popuma. Nditagogoda inalira ngati ng'oma, ndipo mpweya sunkamvekanso n'komwe. Pansi pa khungu la m'khwapa pankamveka thethethe ngati ukufinya pepala la pulasitiki, kusonyeza kuti mpweya walowa m'minofu. Kholingo linali litasunthira pang'ono kumanja. Mitsempha ya pakhosi sinali yotupa, ndipo apa ndichenjeze anzanga achichepere: m'kalasi timaloweza kuti tension pneumothorax, mpweya wopanikizika m'chifuwa ngati umenewu, imatupitsa mitsempha ya pakhosi, koma munthu amene wataya magazi ambiri alibe oti atupitse mitsemphayo. Kusuntha kwa kholingo nako kumabwera mochedwa. Mukadikira zizindikiro ziwirizi mudzazipeza pa mtembo.

Chimachitika n'chakuti nthiti yothyoka imaboola phapo, ndipo bowolo limakhala ngati valavu ya tayala. Mpweya umatuluka m'phapo kulowa m'chifuwa nthawi iliyonse munthu akakoka mpweya, koma sungabwerere. Umadzadza, kufinya phapo, kenako kukankhira mtima kumbali n'kupinda mitsempha ikuluikulu yobweretsa magazi ku mtima. N'chifukwa chake BP imagwa. Matenda amenewa sajambulidwa, amabooledwa.

Ndinatenga kanula ya 14G, ya mtundu wa lalanje. Ambiri tinaphunzira kubaya pa mpata wachiwiri wa nthiti, kutsogolo, pa mzere wotsika pakati pa fupa lopingasa pansi pa khosi. Malangizo a mu 2018 a ATLS, maphunziro a kasamalidwe ka anthu ovulala kwambiri, anasintha kwa akuluakulu, n'kunena mpata wachinayi kapena wachisanu, patsogolo pang'ono pa mzere wa pakati pa khwapa, chifukwa pamenepo khoma la chifuwa limakhala lopyapyala ndipo singano imafika mkati mosavuta. Ndinabaya pamenepo, molambalala m'mphepete mwa pamwamba pa nthiti, chifukwa mitsempha imadutsa kunsi kwa nthiti iliyonse. Mpweya unatuluka ndi mluzu umene ngakhale anthu a pakhomo anaumva. Pasanathe mphindi ziwiri okosijeni anali pa 90%, BP 88/56, ndipo anasiya kulimbana nafe.

Kanula imagula nthawi basi. Imapindika, imatsekeka ndi magazi, imazuka wodwala akasuntha. Nthawi yomweyo tinakonza chest drain ya 28, paipi yotulutsira mpweya ndi magazi m'chifuwa. Ndinabaya lignocaine, anamwino anapereka ketamine pang'ono mu mtsempha, ndinacheka khungu pa mpata wachisanu, kutsegula minofu ndi forceps, kulowetsa chala kuti ndimve kuti ndili m'chifuwadi osati m'mimba, kenako paipi. Botolo la madzi linayamba kubwata thovu, ndipo magazi okwana mamililita 400 anatuluka n'kuima. Anali ochepa kuti afotokoze shock imene anabwera nayo. Akanatuluka 1,500 nthawi imodzi, kapena 200 pa ola kwa maola angapo, nkhani ikanakhala yotsegula chifuwa, ntchito imene pa chipatala chathu sitingaigwire.

Magazi akupita kuti?

Pa 7:45 BP inayambanso kutsika: 80/50, mtima 134. Paipi inali ikugwira ntchito, madzi a mu chubu akukwera ndi kutsika ndi mpweya wake, phapo likumveka. Ndiye vuto silinalinso mpweya.

Munthu wovulala magazi ake amathawira malo asanu: pansi pomwe wagona, m'chifuwa, m'mimba, m'chiuno, ndi m'ntchafu fupa lake likathyoka. Bala la pa msongolo linali louma. Chifuwa tinali titachiona. Ntchafu zinali zosatupa. Chiuno chinali chomangidwa. Mimba tsopano inali itayamba kulimba, ndipo anadandaula kuti phewa la kumanzere likupweteka pamene paphewapo panalibe bala, chizindikiro chakuti magazi akukhudza chotchinga cha pakati pa chifuwa ndi mimba. Wophunzira anathamangira ku matenite kukabwereka makina a sikani. Pakati pa kapamba ndi impso ya kumanzere panali mzere wakuda wa madzi, wina pakati pa chiwindi ndi impso ya kumanja, ndipo kuseri kwa chikhodzodzo kunali dziwe. Kuzungulira mtima kunali kouma. Nthiti zothyoka zinali za pansi kumanzere, zimene zimaphimba kapamba. Kuno kwathu anthu ambiri amakula akudwaladwala malungo, kapamba wawo ndi wotupa kale ndi wofewa, sachedwa kung'ambika.

Hb inabwera 10.2, ndipo wa ku labu anafunsa pa foni ngati magaziwo akufunikadi usiku womwewo. Funso lake linali lomveka, chifukwa mu furiji munali mapaindi awiri okha a O positive ndipo ku matenite sikugona. Koma Hb ya m'maola oyamba imanama. Munthu akamataya magazi amataya madzi ndi maselo pamodzi, ndiye otsalawo amaoneka okhuthala bwino mpaka thupi kapena dripu itawasungunula. Ndinamuuza kuti abweretse onse awiri. Kwa mwamuna, O positive ndi wololedwa pa ngozi ngati gulu lake lisanadziwike.

Apa m'pamene ndinazindikira zolakwika zina ziwiri. Nditayang'ana m'mwamba, mabotolo a saline anali atasinthidwa, ndipo malita awiri ndi theka anali atalowa kale, ozizira monga anachokera mu kabati. Palibe amene analamula, palibenso amene analetsa. Botolo likatha timangopachika lina, ndi chizolowezi cha manja. Madzi a mchere sanyamula okosijeni ndipo saundana. Amasungunula zinthu zothandiza magazi kuundana, amazizitsa thupi, ndipo akakweza BP kwambiri amakankha tizigamba ta magazi oundana timene thupi linayamba kumata pa kapamba. Lita imodzi yofunda inali yokwanira, kenako magazi. Kwa wodwala amene mutu wake sunavulale kwambiri, BP yapamwamba ya 80 mpaka 90 ndi yokwanira kumufikitsa ku fiyeta, bola akuyankhula ndipo mtsempha wa pa dzanja ukumveka. Thermometer inaonetsa 34.8. Thupi lozizira magazi ake saundana bwino, ndipo kuzizira, asidi wochuluka m'magazi ndi kusaundana zikagwirana manja, ngakhale dokotala wa luso amasoka magazi akungotuluka paliponse. Tinatseka saline, tinatenga mabulangete awiri ku wodi ya amuna, tinatseka mazenera, ndipo mabotolo otsala tinawaviika mu ndowa ya madzi ofunda a mu ketulo.

Chachitatu chinali tranexamic acid. Anali mu kabati ya ku matenite, kumene amagwiritsidwa ntchito kwa amayi otaya magazi pobereka, ndipo ine ndinamukumbukira pa 7:50. Kafukufuku wa CRASH-2, amene anatuluka mu 2010 ndipo munali odwala oposa 20,000 m'mayiko 40, anaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa imfa za ovulala otaya magazi. Ataunikanso zotsatirazo anapeza kuti phindu lalikulu lili mu ola loyamba, limachepa mpaka maola atatu, ndipo kupitirira pamenepo akhoza kuvulaza. Wotchi imayamba pa msewu, osati pa chipata cha chipatala. Wodwala wathu analandira gramu imodzi mu mphindi khumi, patatha maola awiri ndi mphindi khumi chichitikire ngozi, ndipo gramu yachiwiri inayenda mu dripu kwa maola asanu ndi atatu. Akanatha kulandira mphindi 40 m'mbuyomo, nthawi imene tinkaika makanula.

Tinapereka ceftriaxone magramu awiri chifukwa cha fupa lotulukira kunja, ndi katemera wa kafumbata. Pa nsonga ya chokodzera panalibe magazi, ndiye tinaika katheta, ndipo mkodzo unatuluka wochepa koma woyera. Mchimwene wake anali atafika. Anati wodwala alibe mankhwala amene amamuwenga, samwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo anadya nsima masana.

Kutumiza kapena kutsegula

Chipatala chachikulu chili pa mtunda wa maola awiri ndi theka pa ambulansi. Achibale ankafuna apite kumeneko, ndipo mchimweneyo anandikokera pambali. "Adokotala, osangomutumiza ku central bwanji? Mafuta tisonkha." Ndinamuuza kuti, "Achimwene, m'bale wanu akutaya magazi mkati mwa mimba. Tikamukweza galimoto, akathera pa njira. Mwendo tidzatumiza, koma mimba ndi ya pano." Anakhala chete pang'ono, n'kupempha cholembera.

Ndinaimbira dokotala wamkulu wa pa chipatala chathu, amene anabwera kudzatsogolera opaleshoni, ine n'kumuthandiza. X-ray ya chifuwa ndi chiuno sitinadikire. Munthu amene BP yake ikugwa sapita ku chipinda chojambulira, kumene kulibe okosijeni ndipo amakhala yekha ndi wojambula.

Ku fiyeta

Tinalowa pa 8:40, paindi yoyamba ikuyenda. Wogonetsa anagwiritsa ntchito ketamine ndi suxamethonium, wina atagwira mutu kuti khosi lisapindike polowetsa chubu. Anadikira mpaka titapaka mankhwala pa mimba, kuyala nsalu ndi kugwira mpeni m'manja asanamugonetse, chifukwa minofu ya mimba ikamasuka, kufinya kumene kumachedwetsa magazi kumatha ndipo BP imagwa nthawi yomweyo. Pambuyo pake anandiuza kuti tikanabwera naye opanda paipi m'chifuwa, kupopa kwake koyamba kukanamupha, popeza mpweya wokankhidwa ndi thumba umadzadza chifuwa choboola phapo msanga kuposa wopuma yekha.

Titatsegula pakati pa mimba tinapeza magazi pafupifupi malita awiri. Tinatsendera nsalu m'ngodya zonse zinayi, n'kuyamba kuzichotsa imodzi imodzi kuyambira kumene kunali kouma. Kapamba anali wamkulu kuposa wa nthawi zonse, wong'ambika mpaka pa phata pomwe pamalowa mitsempha. Woti n'kusoka sanali. Dokotala anamanga mitsempha n'kumuchotsa. Tinayendera matumbo onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, chiwindi, chotchinga chija, ndipo zonse zinali zabwino. Kuseri kwa chiuno kunalibe chotupa cha magazi.

Popeza matumbo sanabooke ndipo magazi a m'mimba anali atsopano, osanunkha, tinawatunga ndi kambale, kuwasefa pa gozi wopindidwa kangapo, n'kuwathira m'matumba a magazi okhala ndi mankhwala oletsa kuundana. Anabwezeredwa matumba awiri. Njira imeneyi ambiri timaidziwira pa amayi a mimba yomera mu chubu, ndipo usiku umenewo inatipatsa magazi amene labu inalibe. Chikhala kuti tinapeza ndowe kapena ndulu m'mimba, sitikanayerekeza.

Thupi linali lidakali pa 34.9, ndiye pa mwendo sitinachedwepo. Tinatsuka bala ndi malita angapo a saline wofunda, kuchotsa dothi looneka, kulisiya lotsegula, n'kuika chikhakha cha kumbuyo kokha kuchokera ku phazi mpaka pa ntchafu. Mtsempha wa pamwamba pa phazi unkamveka. Anatuluka pa 10:15, BP 104/66, mtima 108.

Masiku otsatira

Usiku wonse anali pa bedi loyandikana ndi tebulo la anamwino, akuyezedwa mphindi 30 zilizonse. Mkodzo unafika mamililita 30 mpaka 40 pa ola, umene ndi mlingo woyenera thupi lake. M'mawa Hb inali 7.6, nambala imene inanena zoona zimene 10.2 ija inabisa. Analandira paindi ina itabwera kuchokera ku Malawi Blood Transfusion Service. X-ray inaonetsa nthiti zinayi zothyoka kumanzere, phapo litatambasuka, paipi ili pamalo pake. Chiuno chinali chabwinobwino, ndipo chitenje chija tinachimasula, kuchichapa, n'kubwezera mwini wake. Atatsitsimuka bwino, khosi silinkapweteka pogwira ndipo ankalitembenuza yekha mbali zonse, ndiye tinachotsa mabotolo aja ogwira mutu.

Pomuyezanso kuyambira kumutu mpaka ku phazi tsiku lachiwiri, anakana kugwira kapu ndi dzanja la kumanzere. Fupa la pa mkono pafupi ndi dzanja linali lothyoka, ndipo tonse atatu sitinalione usiku uja. Si zachilendo. Munthu wosweka nthiti ndi msongolo sadandaula za dzanja, n'chifukwa chake kuyeza kwa mawa lake sikudumphidwa. Tinaika chikhakha.

Ululu wa nthiti ndi umene unatipatsa ntchito. Wodwala akamaopa kutsokomola, makhololo amakhala m'mapapo ndipo chibayo chimabwera tsiku lachitatu kapena lachinayi. Anali pa morphine ndi paracetamol mwa nthawi yake, osati podikira kuti alire, ndipo mkazi wake tinamuonetsa mmene angagwirire pilo pa nthiti mwamuna wake akamatsokomola. Tinamupatsanso gulovu yomangirira ku kapaipi kuti azifufuma ola lililonse. Patatha maola 36 anabwerera ku fiyeta kukatsukanso bala ndi kuchotsa minofu yakufa. Paipi ya m'chifuwa inachotsedwa tsiku lachinayi thovu litaleka, ndipo tsiku lachisanu anapita ku chipatala chachikulu, kumene madokotala a mafupa anamuika zitsulo zogwira fupa kunja kwa mwendo.

Zimene tinakambirana pa lipoti la m'mawa

Mnzanga wina anafunsa ngati ndikanaika chest drain pa 7:10, X-ray isanajambulidwe, wodwala ali pa 93%. Ndikuganiza kuti inde. Panali nthiti zothyoka, mpweya wochepa mbali imodzi, shock, ndi wojambula amene anali kutali. Ngakhale wina atatsutsa zoika paipi nthawi yomweyo, palibe chifukwa chimene chinandiloleza kuchoka kumutu kwa bedi osasiya munthu wowerenga kapumidwe ndi kanula ya 14G ili pa chifuwa. Ndondomeko ya ABCDE inachokera kwa James Styner, dokotala wa mafupa amene ndege yake inagwa ku Nebraska mu 1976, mkazi wake n'kumwalira, ana ake n'kuvulala, ndipo anaona mmene chipatala chaching'ono cha kumudzi chinasokonezekera powalandira. Iye ndi anzake anayambitsa maphunziro a ATLS poganizira zipatala ngati zathu zomwezi, kumene wovulala kwambiri amapeza anthu awiri kapena atatu otopa. Ndondomekoyo ndinaitsata bwino ulendo woyamba. Chimene chinandigwetsa ndi kuiona ngati mndandanda woti ukafika pa E wamaliza.

Anamwino uja ananenanso mfundo imene sindinaiganize: anthu a pakhomo. Phokoso lawo linandilepheretsa kumva chifuwa bwino, ndipo maso awo onse ali pa mwendo anandikokera komweko. Tsopano mlonda amatulutsa onse kusiya wachibale mmodzi. Pa trolley ya ku casualty tinaikapo mabotolo anayi a tranexamic acid, makanula awiri a 14G omatidwa ndi pulasitala pa chivindikiro, nsalu yomangira chiuno ndi bulangete. Amene wapachika botolo lachiwiri la saline amanena mokweza kuti ndi lachiwiri. Tinapitanso pa siteji ya kabaza Loweruka lina kukaonetsa anyamata kupsinja bala ndi nsalu m'malo momanga lekeni, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti ndani adzalipira malaya awo akadetsedwa ndi magazi.

Kubweranso kwake

Munthu wopanda kapamba malungo ndi tizilombo tina monga toyambitsa chibayo timamugwira mwamphamvu ndi mwachangu. Katemera wa pneumococcus ali pa ndondomeko ya ana kuno kuyambira 2011, koma wa akuluakulu ife tinalibe, ndiye tinalemba m'kalata yotumizira kuti akamuthandize kumeneko. Pa chikuto cha kabuku kake ka kuchipatala ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti ALIBE KAPAMBA. Iye ndi mkazi wake tinawauza kuti azigona mu neti chaka chonse, ndipo thupi likangotentha apite ku chipatala tsiku lomwelo, osayamba ndi panado wa pa golosale.

Anabwera patatha miyezi itatu akuyenda ndi ndodo ziwiri, zitsulo zidakali pa mwendo, bala litatsekeka, pa X-ray fupa likuyamba kulumikizana. Mapapo onse ankamveka bwino, Hb 12.1, dzanja likugwira. Anali atadwala malungo kamodzi ndipo anapita pa health centre tsiku lomwelo monga tinamuuzira. Za usiku uja sakumbukira chilichonse kuyambira pa ngalande mpaka m'mawa. Anafunsa kuti adzakwera liti njinga, chifukwa mwini wake anali atapatsa kale mnyamata wina. Ndinamuuza kuti a mafupa ndi amene adzanene akachotsa zitsulo, ndipo tinamulembera tsiku lobweranso patatha milungu isanu ndi umodzi.